Musanagule mpando wa Queen Anne, yambani mwautembenuza

Loweruka lina m'mawa, kukuzizira kochita kuluma zala, ndinagula mpando pa car boot sale ina, msika umene anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'mabuti a galimoto, kunja kwa mzinda wa Leeds ku England. Miyendo yake yakutsogolo inali yopindika mochititsa kaso, choyedzamira chake chachitali, mtundu wake ngati uchi wokhalitsa. Wogulitsa atangoti "Queen Anne ameneyu," mtima wanga unadumpha, ndipo mapaundi 60 ndinapereka osanenerera n'komwe. Lolemba ndinafika nawo kumene ndimagwira ganyu yokonza mipando yakale. Mkulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi, mzungu wa imvi mbuu, kutsogolo kwa mpandowo sanakuyang'ane. Anaugwira miyendo n'kuuika chadodolido pa benchi, n'kuwalitsa tochi pakona. Analoza sikuluu yosongoka, kenako timizere tozungulira tosiyidwa ndi sowo ya makina. "Mwana wanga, mpandowu ndi wolimba, uzikhalapo ndithu. Koma pamene ankaupanga, mfumukazi Anne anali atatha zaka 200 ali m'manda."

Ukalipentala ndinauphunzirira ku Ndirande, komwe miyendo yopindika ngati imeneyi timaisema pa mlombwa ndi mbawa osadzifunsa kuti inachokera kuti. Abale ambiri amene tili ku UK kuno timapezana nayo mipando ndi makabati otere m'ma charity shop (masitolo a mabungwe achifundo ogulitsa katundu wakale), ku okushoni, kapena tikamathandiza kuchotsa katundu m'nyumba ya wokalamba amene wasamukira kosamalirako okalamba. Ndiye ndati ndilembe mmene ndimayendera katundu wotereyu tsopano, kuyambira pomuona patali mpaka potulutsa ndalama.

Dzinalo lisakupusitseni

Anne, mfumukazi ya ku Britain, analamulira kuyambira 1702 mpaka imfa yake mu 1714, zaka 12 zokha. Koma kapangidwe kamene kamatchedwa ndi dzina lake kanapitirira mu ulamuliro wa George I, amene anakhala pampando kuyambira 1714 mpaka 1727, n'kufika ndithu m'zaka za m'ma 1730. Amisiri a nthawiyo sankanena kuti "tikupanga Queen Anne". Dzinali anthu anadzapereka pambuyo pake. Mizu yake ili kwa amisiri achidatchi amene anabwera mu ulamuliro wa mfumu William ndi mfumukazi Mary, umene unayamba mu 1689, komanso kwa ma Huguenot, Apulotesitanti a ku France amene anathawira ku London chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1685. Mipando ya m'mbuyomo inali yowongoka ngati msilikali pa perete, yodzaza ndi zosemasema. Ya Queen Anne inafewa: zosema zinachepa, kukongola kunasamukira m'kupindika kwa mwendo ndi m'maonekedwe a thabwa lenilenilo.

Kapangidweka kanadzabwereranso m'fashoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo m'ma 1920 ndi m'ma 1930 mafakitale, ena mwa iwo a ku High Wycombe, tauni yotchuka ndi mipando, anapanga miyandamiyanda yotengera yakaleyo. Wanga uja ndi mmodzi wa amenewa. Mwa mipando khumi ya maonekedwe awa imene mungakumane nayo pamsika, yembekezerani kuti pafupifupi yonse ndi ya gulu lomweli.

Choyamba, imani patali muone mwendo

Musathamangire kugwira. Imani masitepe atatu kumbuyo, mugwade pang'ono kuti maso alingane ndi pokhalira. Mwendo wakutsogolo umatchedwa cabriole, mawu ochokera ku Chifalansa onena za kudumpha kwa mbuzi, ndipo mukauona mudzavomereza: pamwamba umatukumuka kunja ngati bondo, umatsika n'kupindikira m'kati pa kakolo, kenako n'kutulukanso pa phazi. Phazi lofala kwambiri ndi lobulungira, lophwatalala, lokhala ngati laponda pa kambale kakang'ono. Lina lija la zikhadabo zofumbata mpira linatengedwa ku zojambula za ku China za chinjoka chogwira ngale, ndipo linafala kwambiri Anne atamwalira kale.

Apa ndi pomwe mmisiri amaonekera. Mwendo wakale unkasemedwa pamanja kuchokera ku chipika chimodzi chochindikala, ndipo mmisiri sankaumira thabwa. Bondo limakhala lodzaza, kakolo kowonda koma kamphamvu, ngati mwendo wa nyama imene yatsala pang'ono kunyamuka. Wa kufakitale nthawi zambiri umapindika mwamanyazi chifukwa ankausema pa thabwa lochepa kuti asawononge mitengo, kapena umapindika mopitirira n'kuoneka ngati wa matewe. Yendetsani chikhatho pa miyendo iwiriyo: yosema pamanja siifanana ndendende. Pabondo mungapeze kachigoba kosema, konga ka nkhono ya kunyanja yaikulu. Kakhale kotumphuka pamwamba pa thabwa. Kakakhala kolowa m'kati ngati kochita kukumba, ndiye kuti wina anadzakasema pambuyo pake pa mwendo umene unali wosalala, kuti mtengo ukwere.

Mipando yoyambirira ili ndi timitanda tolumikiza miyendo m'munsi. Amisiri atazolowera mwendo watsopanowu anatisiya, choncho kusowa kwa timitandati si vuto.

Kenako choyedzamira. Kamtanda kapamwamba kamafanana ndi goli la ng'ombe, mapewa ake otsika mozungulira popanda kona yakuthwa. Pakati pamakhala thabwa limodzi losaboola, lodulidwa ngati mtsuko wa khosi lalitali. Mukaima cham'mbali mudzaona kuti thabwalo ndi lopindika motsata msana wa munthu. Khalanipo mumve. Ngati thabwa lapakatilo lili lobooledwa ndi zoluka zosema, mwafika kale m'nthawi ya Thomas Chippendale, mmisiri wa mipando wa ku Otley ku Yorkshire, amene anatchuka m'ma 1750, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Chachiwiri, dziwani mtundu wa thabwa lake

Mtengo wa nthawi ya Anne ndi walnut, ndipo mbiri yake imathandiza kudziwa zaka. Mu 1709 ku Ulaya kunazizira mwakuti mitengo yambiri ya walnut inafa, ndipo mu 1720 dziko la France linaletsa kugulitsa walnut kunja. Mu 1721 nyumba ya malamulo ya ku Britain inachotsa msonkho pa matabwa ochokera kumaiko amene inkalamulira ku America, ndipo mahogany a ku Jamaica anayamba kulowa ambiri. Pofika m'ma 1730 ndi m'ma 1740 mahogany anali atalanda malo. Ine ndikamapukuta thabwa lofiira limeneli sindiiwala kuti amene ankagwetsa mitengoyo m'nkhalango za ku Jamaica anali akapolo ochokera kwathu ku Africa.

Tanthauzo lake kwa wogula ndi ili: mpando wa mahogany wa maonekedwe a Queen Anne ndi wa pambuyo pa 1720, mwinanso pambuyo kwambiri. Ife Amalawi apa tili ndi mwayi, chifukwa mbawa yathu ndi ya banja la Khaya, lomwe azungu amalitcha African mahogany. Abale ake a mbawa ochokera kumadzulo kwa Africa anayamba kufika ochuluka ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mipando yambiri yotengera yakale inapangidwa ndi iwo. Mukaona thabwa losapaka la m'kati likukukumbutsani mbawa ya kwathu, lotuwirako mofiirira, lopepuka, la timabowo tooneka, kayikirani pomwepo. Walnut wakale safiira choncho. Amatuwa ndi dzuwa n'kukhala wagolide, wa mizere yakuda yoyenda mokhotakhota ngati utsi.

Popeza walnut anali wodula, makabati, madesiki ndi matebulo ambiri sanali a walnut yekhayekha. Thupi linkapangidwa ndi paini kapena oak, pamwamba n'kumata kachikopa ka walnut kotchedwa veneer. Kwathu tikamva za kumata timaganiza zachinyengo, koma nthawiyo imeneyi inali ntchito ya akatswiri, ndipo katundu womata ndiye anali wa anthu olemera. Ankasankha zotupa za pamtengo, zimene zikachekedwa zimatulutsa timaso ndi timfundo tambirimbiri, n'kumata mapepala anayi moyang'anizana kuti chithunzi cha kumanzere chibwerezeke kumanja. M'mphepete ankazunguliza kalamba kopyapyala ka timizere topendekeka tokumana pakati ngati nthenga ya nkhuku kapena minga ya nsomba.

Fufuzani pamene veneer yagamphuka, chifukwa pa katundu wa zaka 300 sipalephera kupezeka potero. Yakale inkachekedwa ndi sowo ya anthu awiri, ndiye ndi yochindikala, pakati pa milimita imodzi ndi theka ndi mamilimita atatu, komanso siyofanana paliponse. Ya makina ndi yopyapyala, yosafika milimita imodzi. Chikhadabo chokha chimakuuzani.

Chachitatu, tembenuzani

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo musachite manyazi kupempha wogulitsa. Wokana kuti mutembenuze katundu wake wakuyankhani kale.

Pa mpando, kankhirani khushoni m'mwamba kuchokera pansi. Yambiri ili ndi khushoni yongokhazika m'felemu, imatuluka yokha. Onani matabwa anayi a felemuyo. M'kati mwake mukhale mouma, mwakuda ndi fumbi la zaka, mosapaka kanthu. Mmisiri wa 1715 sankataya nthawi kupaka malo amene bwana wake sadzawaona, ndiye mukapeza m'kati mwapakidwa utoto wabulauni wofanana paliponse, wina akubisa thabwa latsopano. Nunkhizani. Thabwa lakale limanunkha ngati m'tchalitchi chotsekedwa, osati vanishi.

Walitsani tochi chopendekeka, osati molunjika, kuti mikwingwirima ioneke. Sowo ya pamanja imasiya mizere yowongoka koma yosatalikirana mofanana, ndipo puleni yakale imasiya timigula tosaya timene chala chimamva bwino kuposa diso. Mizere yozungulira ngati uta ndi ya sowo ya makina, imene inafala m'zaka za m'ma 1800. Majoini akale ndi a lilime lolowa m'bowo, nthawi zina okhomedwa ndi kachikhomo kamtengo kosema ndi mpeni, kosabulungira bwinobwino, kamene pano kamatumphuka pang'ono chifukwa thabwa lozungulira linafota. Tizikhomo tobulungira ndendende ndi ta makina.

Za masikuluu: akale anali osulidwa pamanja, obuntha kumapeto, mpata wa pamutu wosakhala pakati penipeni. Osongoka a makina anabwera cha m'ma 1840 ndi 1850, ndipo a mutu wa mtanda ndi a m'ma 1930 kupita m'tsogolo. Komabe sikuluu imodzi yatsopano isakuthawitseni. Mpando umene wakhalidwa zaka 300 unakonzedwapo kangapo. Funso ndi lakuti sikuluuyo inabwera kudzakonza, kapena mpandowo unabadwa nayo. Pa wanga uja, timatabwa tonse ta m'makona tinali ta mtundu umodzi ndi felemu, tomangidwa ndi masikuluu ofanana, popanda bowo lina lakale pambali pake.

Onaninso pansi pa mapazi. Akhale odyeka, osafanana, akutsogolo operepeseka kumene ankakokera mpando pansi pa miyala kapena matabwa. Kudyeka kumene kuli pamalo pomwe dzanja, nsapato kapena tsache sizifika ndi kochita kupanga.

Kabati ya madirowa imalankhula kwambiri kuposa mpando

Ngati ndi kabati ya madirowa kapena desiki lija la chitseko chopendekeka chimene chimatsika n'kukhala polembera, tulutsani dirowa imodzi yonse muiike pansi. Mbali zake kawirikawiri ndi za oak. Pakona pali mano olowana amene amisiri timawatcha dovetail. A nthawi ya Anne ndi ochepa, atatu kapena anayi, akuluakulu, osafanana, ndipo pambali pake pamaoneka kamzere kamene mmisiri analemba ndi chitsulo poyeza. Mano ambiri ofanana ngati a chipeso ndi a makina.

Itembenuzeni dirowayo. Pa katundu wa nthawi imeneyi mizere ya matabwa a pansi imayenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Kuyendetsa chopingasa kunadzafala m'kati mwa zaka za m'ma 1700 kupita kumapeto. Thabwa limafota m'mimba mwake, osati m'litali, ndiye mupeza ming'alu kapena mipata, mwina yomatidwa ndi kansalu. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Plywood pansi pa dirowa kapena kumbuyo kwa kabati ndi ya m'zaka za m'ma 1900, kaya kabati yonseyo kaya chigamba chokha. Lowetsani dzanja momwe dirowa imayenda: payenera kukhala timigula todyeka tolingana ndi kudyeka kwa dirowayo.

Tsopano yang'anani kuseri kwa nkhope ya dirowa. Zogwirira zoyambirira zinali zamkuwa, tina tolendewera ngati dontho la madzi, tina ta mphete pa kambale kozokota, zomangidwa ndi waya wopyoza thabwa n'kupindidwa m'kati. Zambiri zinasinthidwa, makamaka m'nthawi ya mfumukazi Victoria, m'zaka za m'ma 1800, pomwe anthu ankakonda zitsotso zamtengo zobulungira. Mukapeza mabowo awiri kapena atatu otsekedwa m'kati, kunjanso kuyenera kukhala zipsera zake pamalo omwewo. Mabowo akakhala m'kati mokha, kunja kuli see, ndiye kuti veneer ndi yatsopano: wina anatenga kabati yakale ya oak yotchipa n'kuiveka malaya a walnut. Chinyengo chimenechi n'chofala, ndipo chimapusitsa ngakhale ogulitsa enieni.

Mapazi nawo amasintha. Oyambirira anali obulungira ngati mandasi, ndipo cha m'ma 1720 anayamba kulowedwa m'malo ndi a timatabwa tiwiri tokumana pakona. Mukatulutsa dirowa yam'munsi n'kupeza mabowo obulungira m'makona a thabwa la pansi, ndi momwe munalowa mapazi akalewo. Kusinthaku kumatsitsa mtengo pang'ono, koma ndi umboni wabwino wa ukale.

Katundu wa zigawo ziwiri, monga kabati yosanjikiza pa inzake kapena desiki la kabati ya mabuku pamwamba, muzungulireni kumbuyo. Ogulitsa ali ndi mawu akuti marriage, ukwati, onena za chigawo chapamwamba ndi chapansi zimene sizinabadwire limodzi. Matabwa a kumbuyo akhale a mtengo umodzi ndi ukuda umodzi, ndipo madovetail a m'mwamba ndi a m'munsi aoneke kuti ndi dzanja limodzi. Maukwati ena ndi okakamiza moti ngakhale ankhoswe sangawavomereze.

Timabowo ta tizilombo

Walnut, komanso beech amene ankamugwiritsa ntchito m'mafelemu a mipando, amakondedwa ndi tizilombo toboola matabwa tonga anankafumbwe. Timabowo take ndi ta milimita imodzi kapena awiri. Takale ndi takuda m'kati. Yalani pepala pansi, mugogode ndi chala. Pakagwa ufa woyera ndiye kuti alendowo akadalimo, ndipo musalowetse katunduyo m'nyumba musanathire mankhwala. Tizilomboti timayenda mokhota m'kati mwa thabwa n'kungotulukira pa bowo limodzi. Singano ikalowa mowongoka mpaka patali, bowolo ndi la kubowola ndi chitsulo. Ndipo mukaona tinjira tawo tili poyera pamwamba pa thabwa ngati mapu, ndiye kuti thabwalo linachekedwa kapena kupalidwa tizilombo titadya kale, kutanthauza kuti ndi thabwa lakale logwiritsidwanso ntchito.

Ku okushoni werengani mawu aliwonse

Safunsa anadya phula. M'kabuku ka okushoni, "Queen Anne walnut chest" ndiye kuti akuti ndi ya nthawiyo. Pakangowonjezeka mawu amodzi, "Queen Anne style", ndiye kuti ndi yotengera. "And later" akutanthauza kuti zigawo zina ndi zapambuyo. Pitani tsiku loonetsa katundu muli ndi tochi ndi tepi, ndipo pemphani lipoti la mmene katunduyo alili, amapereka. Kumbukiraninso kuti pamwamba pa mtengo umene nyundo yagwera pali ndalama ya eni okushoni, imene nthawi zambiri imapitirira 20 peresenti, kuphatikizanso VAT pa ndalamayo. Mipando yabulauni yakaleyi inatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi m'ma 1980 ndi 1990, chifukwa achinyamata a kuno akufuna zopepuka za m'nyumba zazing'ono. Wodziwa kuyang'ana angapeze kabati yeniyeni ya m'ma 1720 pa ndalama imene ena amagulira sofa.

Diso limaphunzira poona zenizeni. Ku Victoria and Albert Museum ku London kulowa ndi kwaulere, ndipo m'zipinda zoonetsa zinthu za ku Britain muli mipando ndi makabati a nthawi imeneyi. Sakulolani kutembenuza, koma mukakhala theka la ola mukuyang'ana bondo limodzi la cabriole, la kufakitale simudzalisokonezanso.

Mukagula, bisani sandipepa

Apa ndikulankhula ndi akalipentala anzanga, chifukwa dzanja lathu linazolowera kupala mpaka thabwa liyere kenako n'kuthira vanishi wonyezimira ngati galasi. Musayerekeze. Khungu lakuda lofewa lija, lopangidwa ndi phula, utsi wa makandulo, dzuwa ndi manja a anthu kwa zaka 300, ndilo limene ogula amalipira, ndipo likachoka silibwerera. Pukutani ndi kansalu kofewa, pakani phula la njuchi pang'ono kamodzi kapena kawiri pachaka, basi. Veneer ikatukuka, gwiritsani ntchito guluu wa zikopa wotenthetsa, yemwe ankagwiritsa ntchito amisiri akalewo, chifukwa amasungunuka ndi madzi ofunda ndipo wodzakonza m'tsogolo sadzakutukwanani. Kachidutswa kalikonse kogwa kasungeni mu envelopu m'dirowa momwemo. Musaike pafupi ndi hita kapena pawindo la dzuwa.

Amene mukuganiza zotumiza kwathu pa kontena, ganizani kawiri za katundu womata. Kuuma kwa mu Okutobala kutsatizana ndi chinyezi cha mu Januwale kumafufumitsa thupi la paini n'kulifotetsanso, veneer n'kuyamba kusweka, osanenanso za chiswe. Wa thabwa lathunthu, wosamata, amapirira bwino. Mpando wanga wa mapaundi 60 uja ndiwo ndinatumiza, ndipo uli pakhonde kwa malume ku Chilomoni, kumene amakhalapo madzulo akumvera wailesi. Anyamata a pa shedi yathu yakale anabwera kudzajambula mwendo wake pa katoni, ndipo ndamva kuti asemapo kale mipando isanu ndi umodzi ya mlombwa.